Kodi Munda Ndi wa Mwini Yekha?

Mlendo woyenda pa msewu wochokera ku Salima kulinga ku Nkhotakota akafika m'dera la Mfumu Khombedza mwezi wa Okutobala, amaona minda ili mbee, nthaka itauma gwa. Koma apa ndi apo pamaoneka mitengo italiitali yobiriwira, ndipo mbuzi zimausa pamthunzi pake. Mitengoyi ndi misangu. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: mvula ikayamba umayoyola masamba, motero suphimba chimanga, ndipo masamba ogwawo amasanduka chonde. Mvula ikatha umaphukanso nuchita maluwa pa nthawi imene njuchi zimasowa kopita. Mlimi amene adausiya mtengowu pakati pa munda wake adayankha, mwina mosadziwa, funso lalikulu: kodi munda ndi wa mwini yekha, kapena zolengedwa zina zilinso ndi gawo m'menemo?

Ambiri angayankhe msanga kuti munda ndi wa amene amaukhetsera thukuta. Iye ndiye amasosa ndi kupalira, ndipo njala ikagwa ndi ana ake amene amagona ndi m'mimba mopanda kanthu. Choncho amaona kuti ali ndi ufulu wozula chitsamba chilichonse, kugwetsa mtengo wa mphako ndi kutentha tchire lonse posaka mbewa. Kwa iye munda woyera ndiwo umboni wa khama, ndipo ngodya yosiyidwa ndi chizindikiro cha ulesi.

Maganizo otere amaiwala kuti khasu silibereketsa mbewu palokha. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi, ndipo njuchi zikapanda kunyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake, kadzungu kamafota kasanakule. Kadzidzi, amene anthu amamuponya miyala pomuganizira za ufiti, amatha usiku wonse akugwira makoswe oboola nkhokwe. Mavu ndi mbalame zimatola mbozi m'masamba, ntchito imene phindu lake lidayamba kumveka bwino m'chaka cha 2017 pamene mbozi zachilendo zodya chimanga zidasakaza minda m'maboma ambiri a dziko lino. Antchito onsewa salandira malipiro, koma aliyense amafuna pogona: njuchi ndi kadzidzi zimafuna mphako, mbalame zimafuna chitsamba. Ngakhale mbande za kudimba zimafuna kadenga ka udzu kozitchinjiriza ku dzuwa ndi mpanda wozitsekera mphepo ya mwera. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo mlimi wosiyira njuchi mtengo waika maungu a chaka chamawa.

Komabe kusunga cholengedwa chifukwa cha phindu lokha ndi malonda chabe. Nanga buluzi, gulugufe ndi nanzikambe, zimene sizidzaza nkhokwe ya munthu, zipite kuti? Apa ndi pamene pali nkhani ya chilungamo. Munthu ali ndi moto, nkhwangwa ndi mankhwala ophera tizilombo, pamene zolengedwa zinazi zilibe mawu pabwalo la mfumu. Mphamvu zotere zimadza ndi udindo, monga momwe mwini mbumba amayembekezeka kusamala ngakhale mwana amene sadzamulimira. Makolo ankachidziwa chimenechi. M'midzi yambiri ya Achewa nkhalango imene yatsala ndi ya kumanda, kumene mwambo suloleza munthu kudula mtengo mwachisawawa. Kumeneko mbalame zimamanga zisa mosaopa kanthu. Ngati anthu adatha kuletsa nkhwangwa polemekeza akufa, angathenso kuiletsa pang'ono polemekeza zamoyo.

Nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa imene siyenera kubisidwa. Chilengedwe sichibwera ndi njuchi zokha. M'malire a boma la Salima ndi Dowa muli nkhalango ya Thuma, ndipo muli njovu. Kwa zaka zambiri njovuzi zinkatuluka usiku n'kukadya m'minda ya anthu oyandikana nayo. Anyani amathyola chimanga chisanakhwime, ndipo m'mbali mwa nyanja mvuu zimadya mpunga. Mayi wamasiye amene munda wake wathera usiku umodzi sangatonthozedwe ndi mawu onena za kukongola kwa nyama. Kumuuza kuti apirire chifukwa walira mvula walira matope ndi kumulakwira kawiri, pakuti matopewo amagwera osauka koposa ena onse.

Chimene chidachitika ku Thuma chikusonyeza njira. Bungwe la Wildlife Action Group, mogwirizana ndi nthambi za boma, lidamanga mpanda wa magetsi m'malire a nkhalangoyo. Njovu zidatsala ndi kwawo, anthunso adatsala ndi minda yawo. Kupatsa cholengedwa pogona sikutanthauza kuchitsekulira nkhokwe. Mlimi ali ndi ufulu wonse woteteza chakudya cha ana ake, koma pali kusiyana pakati pa kuika malire ndi kufafaniza. Wopirikitsa nyani m'chimanga akuteteza banja lake. Wotentha dambo lonse pofuna mbewa khumi wawononga nyumba za zolengedwa zosawerengeka zimene sizidamulakwire.

Tsono munda ndi wa mwini, koma umwini wake ndi wonga wa nyakwawa pamudzi, amene amagawa malo ndi kuonetsetsa kuti wamng'ono yemwe ali ndi pokhala. Udindowu sufuna ndalama. Umafuna kusiya msangu pamene wamera, kuleka udzu ndi bango m'mphepete mwa mtsinje, kulambula mozungulira tchire moto usanafike, ndi kupopera mankhwala madzulo njuchi zitabwerera kwawo. Mwana wa sukulu wa kwa Khombedza angayambe ndi chinthu chimodzi chaka chino: akaona kamsangu katamera pamzere, achotse khasu lake, akazike timitengo mozungulira kuti mbuzi zisakadye.