Ndevu za azakhali, ndevu za mng'ono wanga

Mwezi wa June chaka chatha tinakumana kumudzi kwathu, cha ku Bembeke, kudzamanga chiliza cha azakhali. Amene munagonapo ku Dedza nyengo imeneyi mukukudziwa kuzizira kwake. M'mawa chifunga chimakuta mapiri, madzi a mu ndowa amaluma zala, aliyense amayenda atadzikulunga. N'chifukwa chake sindinadabwe kuona mng'ono wanga akutsika basi ya ku Joni atakulunga sikafu mpaka kukamwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti titangofika kunyumba anaivula, n'kukhala pakati pa anthu chibwano chili poyera. Panali patapita zaka zambiri ndisanamuone atakhala choncho.

Mng'ono wangayu anayamba kumera ndevu ali Fomu 3. Sindikunena titsitsi tiwiri titatu tija timamera kwa amayi ambiri ayi. Zinali zambiri, zakuda, zolimba, pachibwano ndi m'munsi mwa masaya. Ankadzuka tambala woyamba kukameta kubafa, munthu wina asanatsekule chitseko. Lezala linkamusiyira tiziphuphu toyabwa ndi madontho akuda, ndiye ankabisa ziwiri: ndevuzo ndi zipsera zake. Anandiuzapo kuti nthawi ya Covid, ife tonse tikudandaula ndi masiki, iye m'pamene anapuma. Ankatha kulankhula ndi munthu osaona maso a munthuyo akutsetserekera pachibwano.

Usiku woyamba tinatsala awiri kukhitchini tikuotha moto. Anayamba yekha.

"Asisi, ndalama ya chiliza ndinatumiza yochepa ija, musaganize kuti ntchito inatha. Ndinayamba leza."

Ine ndinamva ngati wati lezala. "Lezala n'ndalama zingati, iwe?"

Anaseka, n'kundifotokozera kuti akunena laser, makina otentha mizu ya tsitsi. Anali atapitako katatu. Atatchula mtengo wa ulendo umodzi, mutu wanga unathamangira ku matumba a simenti amene tinali titakongola pa boma.

"Ndiye kuti simenti ya azakhali wawotchera ndevu?"

Sanayankhe. Ine m'malo mokhala chete ndinawonjezera mawu aja timawakonda pa WhatsApp status: Mulungu anakulenga choncho, uzidzikonda mmene ulili. Anasonkhezera moto, kenako anandifunsa modekha:

"Asisi, inuyo nkhope yanu munaimetapo kangati?"

Funso limeneli landisautsa chaka chathunthu, ndipo ndi limene landichititsa kulemba lero. Kodi mkazi akachotsa chinthu chimene anthu amamuseka nacho, wagonjera anthu osekawo, kapena wadzimasula? Nanga ife amene tili ndi zibwano zosalala tili ndi mawu anji pamenepa?

Ndiyambe ndi makinawo, poti nanenso ndinaweruza ndisanadziwe kuti ndi chiyani. Laser imatulutsa kuwala kwamphamvu kumene kumatsata melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi. Kuwalako kukagunda tsitsi kumasanduka kutentha, kutenthako n'kuwononga muzu. Akatswiri awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi John Parrish, ndi amene anafotokoza mfundo imeneyi mu 1983. Vuto kwa ife ndi lakuti melanin yemweyo ndi amene wadzaza pakhungu lathu. Makina oyambirira ankagwira bwino kwa munthu wa khungu loyera ndi tsitsi lakuda, pomwe munthu wakuda ankatha kupsa n'kutsala ndi zigamba kumaso. Mtundu umene madokotala a khungu amalimbikitsa kwa anthu akuda ndi wa Nd:YAG, umene kuwala kwake kumalowa mozama osamwedwa kwambiri ndi khungu lapamwamba. Choncho amene mukuona malonda awa pa TikTok ndi pa Instagram, funsani kaye mtundu wa makina, komanso ngati wogwiritsa ntchitoyo anazolowera khungu ngati lanu. Dziwaninso kuti si za ulendo umodzi. Pamafunika maulendo 6 kapena kuposerapo, motalikirana milungu 4 mpaka 6, chifukwa kuwalako kumapha tsitsi lokhalo limene lili pa nthawi yokula. Imvi sizimva laser. Ndipo ngakhale zitayenda bwino, tsitsi limachepa ndi kufewa, koma lina limatha kubwerera.

Tsono ndikuuzeni za azakhali amene tinkawamangira chilizawo. Anali mlongo wawo wa bambo, ndipo anali ndi ndevu. Sankameta, ankangodulira ndi sizasi zikatalika. Anakwatiwa kawiri, maukwati onse anatha, mwana sanamuone. Kumudzi zinthu ziwirizi zinali ndi mayankho ake okonzeka kale. Ena ankati ndi mfiti, anadya ana ake ali m'mimba. Ena ankati mkazi wa ndevu ndi wouma mtima, mwamuna sangakhale naye. Ife ana tinkawatcha "amalume" akangopotoloka, n'kuthawa tikuseka. Ine ndinali mtsogoleri wa kusekako. Azakhali omwewo ndi amene anagulitsa matumba a kachewere kuti andilipirire fizi ya Fomu 1 bambo atalephera. Ndinalandira ndalamazo ndi manja awiri, nditagwada, koma dzina lija sindinalisiye.

Usiku uja kukhitchini, mkwiyo wanga utatsika, mng'ono wanga anandiuza chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Tsiku loyamba kupita ku laser, mayi amene anamulandira sanathamangire makina. Anamufunsa kaye za msambo. Mng'ono wanga anati amatha miyezi itatu, nthawi zina inayi, osasamba, ndipo wakhala choncho kuyambira ali kusekondale. Mayiyo anamuuza kuti akaonane ndi dokotala. Atamupima, anamupeza ndi PCOS.

Imeneyi ndi nthenda ya mahomoni. Thupi la mkazi limakhala ndi mahomoni achimuna ochuluka kuposa mmene zimakhalira, ndipo mazira sakhwima mwa nthawi yake. Zizindikiro zake ndi msambo wodumphadumpha, ziphuphu, tsitsi kumaso kapena pachifuwa, kwa ena kunenepa, komanso kuvutika kutenga pakati. Imawonjezeranso chiopsezo cha matenda a shuga. Si yachilendo. Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, anailemba mu 1935. Bungwe la WHO limati imagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 alionse a msinkhu wobereka, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse amene ali nayo sadziwa. Siichiritsika kotheratu, koma mankhwala oiwongolera alipo, ndipo amayi ambiri amene ali nayo amabereka akathandizidwa. Si mkazi aliyense wa ndevu amene ali ndi PCOS. Kwa ena n'zakumtundu chabe, kwa ena zimabwera akasiya kusamba. Koma ndevu zikakumana ndi msambo wosokonekera, ndi nkhani ya kuchipatala.

Atamaliza kufotokoza tinangoyang'anana. Palibe anatchula azakhali, koma tonse tinkaganiza za iwo. Ndevu, ndiponso kusabereka. Anayenda kwa asing'anga, anamwa mitsitsi yowawa, anatukwanidwa ndi apongozi a mabanja awiri, mpaka anamwalira osapimidwapo. Zaka zonsezo chizindikiro chinali pankhope, pamalo oti mudzi wonse unkachiona tsiku ndi tsiku. Tinachiona ndithu, ndipo tinachiseka. Mng'ono wanga nayenso anakhala zaka zisanu ndi zitatu m'nyumba imodzi ndi ine, mayi, ndi anthu a kutchalitchi omukonda, koma woyamba kumufunsa funso lothandiza anali mlendo wa ku Joni amene ankafuna kumugulitsa malonda. Zimenezi zimandichititsa manyazi kuposa china chilichonse m'nkhaniyi.

Ndibwerere ku funso lija. Pali anthu amene amati kuchotsa ndevu n'kugonja, ndipo ali ndi mfundo. Ku England kuli Harnaam Kaur, wa ku Slough, amenenso ali ndi PCOS. Anasiya kumeta ali mtsikana, ndipo mu 2016 analowa m'buku la Guinness World Records ngati mkazi wamng'ono kwambiri wokhala ndi ndevu zodzaza. Ndimamusirira kulimba mtima. Koma ndikatenga chisankho chake n'kuchisandutsa lamulo la mng'ono wanga, ndasiyana bwanji ndi mudzi? Mudzi umati meta kuti tisakuseke, ine ndikuti usamete kuti ndikulemekeze. Tonse tikulamulira chibwano cha mwini wake. Ndipo ine amene ndinkalalikira za kudzikonda mmene unalengedwera, usiku umenewo ndinali nditavala wigi, nsidze nditazula sabata yomweyo. Zanga ndimati n'kudzisamalira, za mnzanga ndiye ndiziti n'kudzikana? Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Amene amadzuka tambala woyamba ndi lezala m'manja ndiye akudziwa mtengo wa tulo take.

Komabe sindikufuna kunama kuti apa nkhani yatha bwinobwino. Pali china chimene chimandikhalabe pakhosi. Laser ndi ya amene ali ndi ndalama ndiponso amene ali pafupi ndi makinawo. Mayi amene amagulitsa kabichi ndi kachewere m'mbali mwa M1 pa Bembeke sadzaiona. Onse otha kulipira akachotsa zawo, iye amatsala yekha woonekera, ndipo kuseka konse kumagwera pa iye. Makina amachiza chibwano chimodzi, pakamwa pa mudzi sapakhudza. Ndiye ndikati mng'ono wanga sanalakwe, sindikutanthauza kuti palibe wolakwa. Wolakwa alipo, kungoti si iye. Ngongoleyi ndi ya ife oseka, ndipo si chilungamo kuuza munthu wosekedwa kuti apirire ndi nkhope yake mpaka ife tidzasinthe.

Kumeta pakokha si chinthu chachilendo kwathu kuno. Maliro akatha, abale amameta. Namwali akamaliza chinamwali, amametedwa. M'mapanga a ku Chongoni, amene UNESCO inawazindikira mu 2006, muli zojambula zimene zimagwirizana ndi miyambo ya atsikana ya Achewa, umboni woti agogo athu anali ndi malo ophunzitsirana za thupi la mkazi. Koma kumeta konseko kumachitika anthu ali pamodzi, ndipo wometedwayo amadziwa kuti ali ndi abale. Kumeta kwa mng'ono wanga kunali kwa yekha, mumdima, madzi ozizira a ku Dedza ali m'beseni, khutu lili kuchitseko. Choipa sichinali lezala, ndipo si laser. Choipa chinali kubisalako, ndipo amene tinamubisalitsa ndife.

Pamene ndafika ndi apa. Mkazi akafuna kusunga ndevu zake, asunge, ndipo tizimuyang'ana m'maso tikamalankhula naye. Akafuna kuchotsa, achotse, tisamufunse kuti ndalama akanagulira chiyani. Ife tili ndi ntchito ziwiri basi. Yoyamba, kutseka pakamwa pathu ndi pa ana athu. Yachiwiri, ngati ndi mchemwali wathu kapena mnzathu wapamtima, kumufunsa mwachikondi pamalo oduka mphepo kuti msambo ukuyenda bwanji, ndi kumuperekeza kuchipatala ngati suyenda bwino.

Tsiku lomanga chiliza kunabwera anthu ambiri. Amene ankasakaniza simenti ena ndi omwe aja ankawatcha mfiti. Abusa anayamikira azakhali kuti anali mayi wolimbika, wolera ana a eni. Zonse zinali zoona, kungoti zinabwera mochedwa. Nditaimirira pamenepo ndinaona kupusa kwa mawu anga a kukhitchini. Munthu amene tinamuseka ali moyo tamupezera ndalama ya simenti, matailosi ndi mbuzi ziwiri, koma wamoyo amene ali ndi vuto lofanana ndi lawo ndinamuwerengera ma rand ake omwe.

Madzulo ake ndinamupepesa. Sanachite nazo mwambo, anangoti, "Zatha asisi." Ndinamufunsa kuti kwatsala maulendo angati. Anati atatu kapena anayi, ndipo mankhwala a kwa dokotala akumwa. Ndinamuuza kuti ngongole ya simenti aisiye m'manja mwanga.

Tisanabalalike, mayi anatulutsa chithunzi chakale cha azakhali kuti ana achione. Mwana wanga wa zaka 7 anachiyang'anitsitsa, n'kuyamba kumwetulira kumwetulira kuja ndimakudziwa bwino.

"Amami, amalume awa ndi ndani?"

Ndinamukhazika pamwendo. "Si amalume. Ndi azakhali anga. Ndi amene anandilipirira sukulu. Ubwerezenso, ndi ndani?"

"Azakhali."

"Eya. Azakhali."