Bondo Lovulala ndi Funso la Chikhulupiriro

Anzeru a mibadwo yambiri akhala akufunsana kuti kukhulupirira n'kutani, ndi kuti kumasiyana pati ndi kudzitama kumbali ino kapena mantha kumbali inayo. Ndipo ngakhale funsoli limamveka kawirikawiri pa guwa, yankho lake limaoneka bwino lomwe pa munthu wa masewero omenyana amene bondo lake lamugwetsa pansi.

Georges St-Pierre wa ku Quebec m'dziko la Canada, amene anayamba karate ya Kyokushin ali mwana nadzakhala ngwazi ya mpikisano wa masewero omenyana wa UFC, anaduka mtsempha wa m'kati mwa bondo lamanja kumapeto kwa chaka cha 2011. Mtsempha umenewu, umene madokotala amautcha ACL, ukaduka sulumikizana wokha kawirikawiri. Chifukwa chake amatenga chidutswa cha mtsempha wina nachiika m'malo mwa wodukawo, ndipo munthu amadikira miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu asanaloledwe kulowanso m'bwalo.

Yesero loyamba limadza msanga, pakuti mtsempha woikidwawo umayamba wafooka usanalimbe, ndipo kufookako kumagwa pa nyengo yomweyo imene ululu wazilala, kutupa kwaphwa, mtima n'kumanong'oneza kuti zonse zatha. Wothamangira kukaponya chidendene pa nthawi yotere angadzitche wolimba mtima, koma akale anati safunsa anadya phula; ndipo Ambuye mwini, pamene mdierekezi anawauza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, anatisonyeza kuti kulumpha kumene sikunalamulidwe ndiko kuyesa Mulungu. Apa chikhulupiriro chimavala chovala cha kumvera: kupinda ndi kuongola mwendo m'mawa ndi madzulo, kulimbitsa minofu ya ntchafu pang'onopang'ono, anzako akulandira ulemu umene unali wako, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma yesero lachiwiri ndilo lozama koposa, chifukwa limafika dokotala atanena kale kuti bondo lachira. Thupi limakumbukira tsiku lija linagwa, ndipo alipo ambiri amene, ngakhale mtsempha walimba, amazengereza kutsamira mwendo umene unawakhumudwitsa, nalekeratu masewero awo. Kudekha kumene dzulo kunali nzeru, lero kwasanduka mantha obisala, ndipo munthu ayenera kuponda ndi thupi lonse pa chinthu chimene chinamunyengapo.

St-Pierre anaponda. Pa 17 Novembala 2012, mumzinda wa Montreal, anagonjetsa Carlos Condit, ngakhale kuti anagwetsedwa pomenyedwa ndi phazi kumutu m'chigawo chachitatu cha nkhondoyo. Komabe m'chaka cha 2014 bondo lamanzere nalonso linaduka mtsempha womwewo, ndipo anayambiranso ulendo wonse, kufikira anapambana Michael Bisping ku New York mu 2017.

Pamenepa tiphunzirapo kuti chikhulupiriro sichilonjeza kuti tsoka silidzabweranso. Yakobo, atalimbana usiku wonse pa Penieli, analandira dalitso ndi dzina latsopano, koma anachokapo akutsimphina, ndipo anapita kukakumana ndi Esau ali wotsimphinabe. Wokhulupirira ndiye amene amaleza mtima pa nthawi yodikira osayesa Mlengi wake, ndipo nthawi yoyenda ikakwana amanyamuka, ngakhale palibe amene wamutsimikizira kuti sadzagwanso.