Miyendo Ili Pa Ulendo, Mwini Wake Ali M'tulo

Pali liwu lina la Chingerezi lomwe madokotala amalikonda: somnambulism. Limamveka ngati dzina la nthenda yoopsa, koma mukalisenda mupezamo mau awiri okha a Chilatini, somnus, tulo, ndi ambulare, kuyenda. Basi, kuyenda m'tulo.

Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti liwuli likutchula tulo ndi kuyenda, koma silikunena kuti woyendayo ndani. Kodi ndi munthu yemwe uja timadya naye nsima masana, kapena ndi thupi chabe lomwe lanyamuka osatsanzika mwini wake?

Odziwa za tulo amati izi zimachitika kawirikawiri m'maola oyamba a usiku, tulo tikafika pozama penipeni. Maso amakhala otsegula, munthu n'kutsegula chitseko, n'kutuluka panja, koma kukacha sakumbukira kanthu. Zimachuluka mwa ana, ambiri amasiya akamakula, ndipo nthawi zambiri zimakhala zakumtundu.

Funso langali linafikapo kukhoti. Mu May 1987, Kenneth Parks wa ku Canada anadzuka usiku, nayendetsa galimoto makilomita oposa 20 kufupi ndi mzinda wa Toronto. Anakapha apongozi ake aakazi n'kuvulaza aamuna, kenaka anakadzipereka yekha kupolisi manja ali magazi okhaokha. Khoti linam'masula mu 1988, ndipo mu 1992 khoti lalikulu la dzikolo linagwirizana ndi chigamulocho. Mfundo yake inali yakuti mlandu sukhala m'manja mokha, umafunanso maganizo omwe ali maso.

Wina anena kuti, “Ndiye kuti mbava iliyonse izidzangoti ndinali m'tulo?” Ayi ndithu. Oweruza sanangomva zonena za Parks. Madokotala anapima m'mene bongo wake umagwirira ntchito akagona, napezanso kuti kumtundu kwawo vuto la tulo linalipo kale. Komabe chigamulo sichinadzutse malemu aja. Apa mpomwe pali powawa: maliro alipo, wolakwa palibe, ndipo mtima wa munthu suvomera zotere msanga. Timafuna wina woti tim'loze chala.

Khumbo loloza chala limeneli ndi lomwe limandiopsa kwathu kuno. Mwana kapena gogo akapezeka pakhomo pa eni pakati pa usiku, maso ali tong'o, osayankha, ndani amaganiza za tulo? Liwu lomwe limafulumira kutuluka ndi lakuti watamba. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma khamu likasonkhana ndi miyala silifunsa za malamulo.

Ine ndikuona kuti udindo umayambira pomwe munthu wadzuka. Amene akudziwa kuti amayenda m'tulo, ntchito yake ndi ya masana: kuuza apabanja, kukhoma zitseko, kubisa mipeni ndi makiyi, kukaonana ndi dokotala. Amene wam'peza panjira, yake ndi kum'gwira dzanja mwaulemu n'kum'bwezera pamphasa.

Tsono abale anga, pabwalo pomwe paima woyenda m'tulo ndi khamu lom'zungulira, mmodzi yekha ndiye sakudziwa chomwe akuchita. Enawo ali maso, ndipo mwala ukaponyedwa, mlandu ndi wawo.