Ngongole ya Kombe

Munthu akaonetsedwa mtengo kuthengo, iye n’kuusandutsa mankhwala opulumutsa miyoyo, kodi ali ndi ngongole kwa amene adamuonetsa mtengowo? Funsoli limamveka ngati la maloya ndi eni makampani, komatu chitsanzo chake chomveka bwino chidachitikira kwathu kuno, m’chigwa cha Shire, mtsinje umene umatuluka m’nyanja yathuyi ku Mangochi.

M’nkhalango za m’chigwacho mumamera chomera choyanga m’mitengo chotchedwa kombe. Alenje a Chimang’anja ankasinja njere zake n’kupanga ulembe wopaka ku mivi. Nyama yolasidwa inkathamanga pang’ono n’kugwa, mtima utaima. John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene adatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi umene udayamba mu 1858, adasunga ulembewo m’thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka m’kamwa adamva kuwawa, ndipo pambuyo pake adaona kuti mtima wake ukugunda pang’onopang’ono kusiyana ndi kale. Ulembe ndi njere zidatumizidwa ku Britain. Kumeneko Thomas Fraser wa pa yunivesite ya Edinburgh adatha zaka zambiri akuziyesa pa achule ndi nyama zina, mpaka adapatula mphamvu ya m’njerezo n’kuitcha strophanthin. Mu 1885 adafotokozera madokotala anzake kuti timadontho tochepa ta mankhwalawa timalimbikitsa mtima wofooka. Pasanapite nthawi kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kuwagulitsa, ndipo njere za kombe zidasanduka malonda otsika ndi mtsinje kunka kunja. M’mabuku a sayansi chomeracho chimatchedwa Strophanthus kombe. Dzina la chomera lidawoloka nyanja, koma pa botolo panalibe dzina la mlenje ngakhale mmodzi.

Ena amati palibe mlandu apa. Alenje ankadziwa kupha, Fraser ndiye adaphunzira kuchiza, ndipo pakati pa ziwirizi pali ntchito yaikulu. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake. Kombe yemweyo amene amalimbikitsa mtima ndi amenenso amauimitsa, chosiyanitsa ndi muyeso. Njere za chomera chimodzi sizifanana mphamvu ndi za chinzake, ndipo amalonda akasakaniza njere za mitundu yofananako, botolo lina linkatuluka lofooka, lina loopsa. Kuti wodwala amwe mosaopa, pafunika wina wopatula mphamvuyo, woiyeza, woiyesa, ndi woiika m’dontho kapena m’mbulu wofanana lero ndi mawa. Wochita zimenezi wakhetsa thukuta, ndipo thukuta lili ndi malipiro ake.

Ena amati kumeneku kudali kuba basi. Nawonso ali ndi mfundo. M’nkhalango muli zomera zosawerengeka, ndipo chovuta kwambiri kwa wofufuza ndi kudziwa poyambira. Kirk sadachite kuyesa tsamba lililonse la m’mbali mwa Shire. Adapeza mibadwo ya alenje itasankha kale chomera chogwira mtima, itadziwa kale kuti mphamvu ili m’njere. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma woonetsa mlendoyo pometa ndi mwini mudzi.

Ife amene tidaphunzira m’madrasa tili ndi njira yoonera nkhani yotere. Wophunzira Hadith amadziwa kuti mawu sayenda okha, amayenda ndi isnadi, mndandanda wa anthu amene adalandirana mawuwo, uyu kuchokera kwa uyo. Kuchotsa dzina limodzi pa mndandandawo ndi kusakhulupirika, ngakhale mawuwo atakhala oona. Akatswiri athu a mankhwala adatsata mwambo womwewo. Ibn al-Baytar wa ku Malaga, amene adamwalira ku Damascus mu 1248, adalemba za mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400, ndipo ankatchula amene adatapako nzeru, kuphatikizapo Dioscorides ndi Galen amene sadali Asilamu. Nzeru ndi amaana, chinthu chosungitsidwa. Woilandira angathe kuikulitsa ndi kupindula nayo, koma sangadzitche mwini wake yekha. Motero yankho langa ndi lakuti ngongole ilipo. Ntchito ya mu labotale imawonjezera dzina pa mndandanda, siifafaniza mayina oyamba.

Mankhwala a malungo amene timalandira kuchipatala ali ndi mndandanda wake woonekera bwino. LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ali ndi mphamvu ziwiri, ndipo imodzi, artemether, imachokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua. Mayi wa ku China, Tu Youyou, ndi anzake adalephera kambirimbiri kutulutsa mphamvu ya chomerachi poiwiritsa. Powerenga zolemba za Ge Hong, sing’anga wa zaka za m’ma 300, mayiyu adaona kuti akalewo ankanyika chomeracho m’madzi n’kufinya, osaphika. Adaganiza kuti kutentha ndiko kunkawononga mphamvuyo, ndipo mu 1971 adaitulutsa popanda moto waukulu. Iye ndi anzake adayamba kumwa okha asanapatse odwala. Polandira mphoto ya Nobel mu 2015 sadabise dzina la Ge Hong.

Komabe kutchula dzina ndi theka chabe la ngongole, pakuti pamene pali phindu la ndalama payeneranso kukhala gawo. Ku South Africa bungwe lofufuza la CSIR lidalembetsa umwini wa mphamvu ya hoodia, chomera chimene a San ankatafuna pothetsa njala paulenje. A San atadandaula, mu 2003 padasainidwa pangano logawana phindu, ngakhale kuti mankhwala amene ankayembekezekawo sadafike pamsika. Mu 2010 mayiko adagwirizana pangano la Nagoya, lonena kuti wofuna chomera kapena nzeru za eni dera ayambe wapempha chilolezo, ndipo agwirizane nawo za kagawidwe ka phindu. Chimene chikumbumtima chidalephera kuchita pa nkhani ya kombe, tsopano chikuyesa kuchita ndi lamulo.

Abale ndi alongo, ngongoleyi ili mbali ziwiri, ndipo mbali yachiwiri ili m’makomo mwathu. Ngati wofufuza ayenera kulemekeza agogo odziwa mizu, ifenso tiyenera kulemekeza muyeso umene iye adauvutikira. Munthu wamkulu amamwa mibulu 4 ya LA kawiri pa tsiku kwa masiku 3, yonse 24. Artemether amapha tizilombo msanga koma sakhalitsa m’thupi, ndipo mnzake lumefantrine ndiye amatsala n’kumaliza totsalira. Wosiyira panjira chifukwa thupi lazizira, kapena wogawa mibulu yake kwa mwana wa mnansi, amasiya tizilombo tolimba tili moyo. N’chifukwa chakenso bungwe la WHO silivomereza kuchiza malungo ndi tiyi wa masamba a chomerachi, poti palibe angadziwe kuchuluka kwa mphamvu imene ili m’kapu. Tizilombo tosamva msanga mankhwalawa tidapezeka kale ku Cambodia, kenako ku Rwanda ndi ku Uganda. Ife a m’mbali mwa nyanja tikudziwa tanthauzo lake, pakuti klorokwini adaleka kugwira ntchito tikuona, mpaka boma lidamusiya mu 1993.

Choncho wofufuza akafika m’mudzi ndi kope lake kudzafunsa za khungwa kapena muzu, mulandireni, pakuti kubisa nzeru yochiza mpaka kulowa nayo m’manda nakonso ndi kuwononga amaana. Koma nkhaniyo ikambidwe poyera pamaso pa amfumu, mayina alembedwe, ndi gawo la mudzi lidziwike asanadule nthambi. Ndipo mbulu ukabwerera kwa ife utayezedwa, tiumwe monga momwe adokotala anenera. Allah ndiye adaika mphamvu m’njere. Kwa ife adasiya ntchito yosungirana chilungamo, kuyambira kwa mlenje mpaka kwa mwana wodwala amene wagona pamphasa.