Kwa adzukulu ofuna kupita ku Liwonde m'dzinja

Adzukulu anga, ndamva kuti mwayala matiresi m'galimoto, mwalongedzamo mbaula ndi zigubu, ndipo mukufuna kunyamuka kuno ku Milange mu Febuluwale kuti mukaone nyama ku Liwonde ndi akasupe a madzi otentha. Sindikuletsani ayi. M'dzinja alendo amachepa, malo ogona amatsika mtengo, tchire limabiriwira, mbalame zimachuluka, nswala zimakhala ndi tiana. Koma nyengo imeneyi wolamula ulendo ndi madzi, osati dalaivala.

Kumbukirani Malichi 2023, namondwe Freddy atalowera cha ku Quelimane. Mvula yake inagumula misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, miyala ikugubuduka kuchokera m'phiri. Choncho mukawoloka malire pa Muloza, mapasipoti, mapepala a galimoto ndi inshuwalansi zili m'manja, gwirani msewu wa tala wodzera ku Limbe ndi ku Zomba, ngakhale ndi wozungulira. Mukapeza madzi akuyenda pamwamba pa mlatho, imani, telekani tiyi, mudikire aphwe.

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks, lomwe linabwezamo mikango mu 2018. Dothi lake ndi lamakande. Likanyowa limagwira matayala nganganga, ndipo njira zina zimatsekedwa. Funsani pachipata njira zotseguka, mumvere zimene akuuzeni. Mugone pamalo okhawo amene anaikidwa kuti alendo azigonapo. Pafupi ndi mtsinje wa Shire pakhoza kuoneka poyera bwino masana, koma usiku mvuu zimatuluka kudzadya msipu, ng'ona nazo sizili patali. Zipatso musagone nazo, njovu imamva fungo. Neti ya udzudzu musaisiye.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi akasupe aja. Madzi ake ndi mvula yomweyi, imene imalowa pansi m'ming'alu ya chigwa chachikulu momwe muli nyanja ya Malawi ndi Shire, n'kukakumana ndi miyala yotentha, kenako n'kubwereranso pamwamba. Amapezeka pafupi ndi tauni ya Liwonde, ku Nkhotakota, ku Chiweta m'boma la Rumphi, ngakhalenso ku Morrumbala kwathu ku Zambezia kuno. Kutentha kwake kumasiyana: ena munthu amasamba bwinobwino, koma a ku Chiweta pomwe akutulukira amasupula khungu. Ku America, m'paki ya Yellowstone yomwe inakhazikitsidwa mu 1872, anthu oposa 20 anafa atapsa ndi madzi otere, chonsecho kuli zikwangwani ndi timilatho tamatabwa toyendapo. Kwathu kuno malo ambiri alibe zimenezo. Odziwa potentha ndi pofunda, polimba ndi potitimira, ndi eni mudzi. Paja safunsa anadya phula.

Ndiye mukafika, yambani mwapereka moni, munene kumene mwachokera, mupemphe wina akutsogolereni. Musaviike phazi musanauzidwe, ndipo mwana mumugwire dzanja. Pamene amayi akusamba kapena kuchapa, foni ibwerere m'thumba, chifukwa inu mwadzaona koma iwo mpakhomo pawo. Mapepala a pulasitiki ndi mabotolo mubwerere nawo.

Mutiuze tsiku lobwerera musananyamuke, ndipo mukafika ku Liwonde mutiimbire foni.