Ulusi Wouma Pansi pa Guluu

Padangokhala mkulu wina ku Zóbuè, pachipata pamene msewu wochokera ku Tete umalowera m'Malawi kulunjika ku Mwanza. Mkuluyu anali katswiri wokonza nsungwi zowedzera nsomba. Ankadula nsungwi m'makhwawa a m'mapiri a kumeneko, n'kuziwongola pamoto, n'kuziimika pamthunzi mpaka ziume. Akatero ankapinda timphete ta waya todutsamo chingwe cha mbedza, n'kutimangirira pansungwi ndi ulusi wa nayiloni. Pamwamba pa ulusiwo ankapakapo epoxy, guluu uja wa m'machubu awiri amene sagwira mpaka mutawasakaniza pamuyezo wofanana.

Luso limeneli anaphunzitsa adzukulu ake awiri, ana a mlongo wake. Mawu amene ankawabwereza tsiku ndi tsiku anali akuti, "Guluu woyamba si wokongoletsa ayi. Ndi womwetsa ulusi. Mupake wochepa, woyenderera, ulusi umwe mpaka ude. Wachiwiri mawa."

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, madzi n'kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Asodzi a m'mbali mwa mtsinjewo anataya maukonde, miono ndi mbedza zawo. Madzi ataphwa, aliyense ankafuna chowedzera. Anyamata aja atamva zimenezi anamanga mitolo ya nsungwi, anakwera minibasi, imene kumeneko amaitcha chapa, n'kutsikira ku Moatize. Poyamba mtima wawo unali pa ntchito ya kumgodi wa malasha, umene chaka chomwecho kampani ya Vale inagulitsa kwa Vulcan, koma pageti anapeza anthu ambirimbiri odikira ngati iwo omwe. Anachita lendi kachipinda kamodzi, n'kubwerera ku ntchito ya amalume awo.

Moatize si Zóbuè. Kwawo kuja kumapiri, guluu ankadikira munthu. Kuno kuchigwa, dzuwa likangokwera, wosakaniza uja ankayamba kulimba asanamalize kupaka kamphete kachitatu. Ndiponso kamphepo kakawomba, fumbi lakuda la malasha linkatera paguluu wosauma n'kukanirira pomwepo.

Mwa anyamata awiriwo, wamkulu anapeza njira yachidule. Ankasiya guluu ayambe kulimba, n'kumutapa ndi kamtengo, n'kumumata wambiri pa ulusi kamodzi kokha. Guluu wokhuthalayo sankayenderera, choncho panalibe zotembenuza nsungwi. Akauma ankanyezimira, ndipo pa kamphete kalikonse pankaoneka chotupa chosalala chooneka champhamvu. Dzuwa likamalowa, mtolo wonse unali wokonzeka kupita kumsika.

Wamng'ono anasankha kudzuka tambala woyamba, kunja kusanatenthe. Ankaviika machubu aja m'madzi ofunda kuti guluu afewe, n'kufinya timadontho tofanana pachitsekerero cha botolo. Ankasakaniza pang'onopang'ono kuti musalowe thovu. Kenako ankatenga nthenga ya nkhuku, n'kuidutsa pa ulusi, kuyambira kuphazi la kamphete kumene madzi amakonda kubisala. Ulusi woyera uja unkada pang'onopang'ono pamene unkamwa. Akamaliza ankagoneka nsungwi pa mphanda ziwiri m'chipindamo, n'kutchinga ndi chitenje chonyowa kuti fumbi lisafike, n'kuyamba kuitembenuza pang'onopang'ono kuti guluu asathamangire mbali imodzi. Potembenuzapo ankaimba chapansipansi:

Tembenuka nsungwi yanga, tembenuka,
Ulusi umwe, mawa tionana.

Nsungwi imodzi inkamutengera masiku atatu, ndipo ikatha sinkawala kwenikweni. Mizere ya ulusi inkaonekerabe pansi pa guluu.

Kumsika anthu ankagwira za wamkulu, n'kuzisisita, n'kutulutsa ndalama. Za wamng'ono ankaziyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mnyamata, guluu unamana. Ukufuna timphete tigwere m'madzi?" Wamkulu anagula foni ndi nsapato zatsopano. Madzulo ena anauza mng'ono wake kuti, "Mphwanga, za amalume zija n'za ku Zóbuè. Kuno anthu amagula ndi maso."

"Koma achimwene, ulusi wanuwo sukumwa."

"Wauona ndani?"

Wamng'ono anangoti chete. Ankadya ndiwo zogulidwa ndi ndalama za mkulu wakeyo, ndipo lendi ankalipira ndi yemweyo.

Panali bambo wina wachikulire amene madzi aja anamutengera zonse, bwato ndi ukonde womwe. Anakongola ndalama kwa mpongozi wake, nagula nsungwi yonyezimira kuposa zonse. Kwa milungu ingapo inamuthandiza, ankapha timilamba ndi pende n'kumagulitsa. Koma nthawi iliyonse nsungwi ikapindika, chotupa cha guluu chija sichinkapindika nawo. Chinayamba ming'alu yosaoneka ndi maso. Madzi analowa, napeza ulusi wouma wowalandira, waya n'kuyamba dzimbiri m'kati.

Tsiku lina m'mawa, kufupi ndi pamene Revúbuè amathira mu Zambezi, mcheni wamkulu anameza nyambo. Aliyense wodziwa mcheni akudziwa kuti sakokedwa ngati mlamba: amathamanga, amalumpha, amapukusa mutu. Nsungwi inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi. Kunamveka thee! Guluu wa kamphete ka kunsonga anasweka, kamphete kanavuka, ndipo chingwe chinakhuzika pa m'mphepete mwakuthwa mwa guluu wosweka uja n'kuduka. Nsomba inapita ndi mbedza. Bamboyo anakhala pansi pamchenga nthawi yaitali. Ngongole ya mpongozi inali isanathe.

Pasanathe mwezi ena anabwera ndi madandaulo omwewo. Anthu anasonkhana pakhomo pa kachipinda kaja, ena akufuna ndalama zawo, ena akuti anyamatawa apite kupolisi. Mwini nyumba, mayi wanzeru, anati, "Ana awa ali ndi mwini wake. Itanani malume wawo."

Amalume anatsika pa chapa tsiku lotsatira. Sanakalipe. Anapereka moni kwa onse, napempha nsungwi ziwiri, ya wamkulu ndi ya wamng'ono, ndiponso lezala.

Wamkulu anayamba kudziteteza. "Amalume, guluu ndi yemweyo, machubu ndi omwewo. Ine ndinkapakanso wambiri kuposa mphwangayu. Mwina nsungwi za chaka chino n'zosakhwima."

Amalume anacheka chotupa chimodzi cha nsungwi yake. Guluu anasendeka yense ngati khoko la mtedza, ndipo m'kati munatuluka ulusi woyera mbee, wouma, womasuka, wokhala ndi madontho a dzimbiri. Anaukoka ndi zala ziwiri, unangovukuka. Anachekanso ya wamng'ono. Lezala inavutika kulowa. Ulusi, guluu ndi nsungwi zinali chinthu chimodzi, moti kuti achotse kamphete anachita kupala.

Anayendetsa zidutswa ziwirizo m'manja mwa anthu onse, n'kunena kuti, "Guluu wokhuthala alibe mlandu. Kuchigwiriro, kumene nsungwi sipindika, ndimamupaka ine ndemwe. Pamwamba pa ulusi umene wamwa kale, amakhalanso bwino. Koma kunsonga amalemeretsa, ndipo pa ulusi wouma amangokhala pamwamba. Mdzukulu wanga, zimenezi sunkazidziwa?"

Wamkulu anawerama. "Ndinkazidziwa, amalume."

"Ukanakhala kuti sunkadziwa, mlandu ukanakhala wanga. Bambo awa sakanatha kuona pansi pa guluu. Amene ankaona ndiwe wekha, ndipo unalandira ndalama zawo."

Anthu anayamba kuyamikira wamng'ono, ena n'kumugwira chanza. Koma amalume anatembenukira kwa iye. "Nanga iwe, pamene bambo awa ankasankha nsungwi, unali kuti?"

"Ndinali pomwepo, amalume."

"Unanena chiyani?"

Mnyamatayo sanayankhe.

"Manja ako ndi abwino, koma unaona munthu wosauka akugula chinthu chowola m'kati, iwe n'kutseka pakamwa chifukwa cha ndiwo. Ngongole ya bambo awa mubweza nonse awiri."

Ndipo zinaterodi. Foni ija inagulitsidwa, ndalama n'kupita kwa mpongozi wa bambo aja. Amalume analamula kuti nsungwi iliyonse imene wamkulu anagulitsa ibwezedwe, aipale, aimangenso ulusi watsopano, aipake kawiri kapena katatu popanda kulipiritsa. Wamng'ono ndiye ankayang'anira, ndipo akaona ulusi usanade ankanena mosaopa kuti, "Achimwene, apa sipanamwe, bwerezani." Wamkulu anaphunzira kudzuka m'bandakucha ndi kukhala pafupi ndi mphanda zija akutembenuza nsungwi mpaka guluu atagwira.

Ntchito yobweza imeneyi inawatengera chilimwe chonse. Asodzi ambiri anabweretsa nsungwi zawo n'kuzitenga zili zolimba, ndipo ena mwa iwo anadzagulanso zina. Bambo wachikulire uja analandira nsungwi yatsopano, anathokoza amalume, koma kwa anyamata awiriwo sanadzagulenso kanthu.