Achimwene, Ingondilemberani

Loweruka la sabata yatha, magetsi atazima kuno ku Area 1, mchemwali wanga analowa kuchipinda kwanga atanyamula laputopu yobwereka. Anaiika pabedi, n'kukhala pansi chete ngati munthu wodzapepesa maliro. Kenako anati: “Achimwene, ingondilemberani. Ine ndatopa.”

Chimene amafuna kuti ndimulembere ndi asayimenti ya phunziro lija amati Communication Skills, masamba asanu a Chingerezi. Mtsikanayu akuchita digiri ya zowerengera ndalama pa koleji ina yomwe si yaboma mumzinda muno, ndipo amalowa m'kalasi kumapeto a sabata okha chifukwa masiku enawo amagwira ntchito m'shopu ya zipangizo zomangira ku Malangalanga. Maphunziro ena onse a chaka choyamba anakhoza bwinobwino. Ili lokha analephera, analemba sapu n'kulepheranso, pano akulibwereza. Akagwanso ulendo uno amuchotsa, ndipo fizi yonse imene amayi analipira ndi ndalama za kaunjika wa ku msika wa Tsoka ilowa m'madzi.

Ndinakana. Chikanireni ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinachita bwino, kapena ndinangochita ngati munthu wokhuta amene akulalikira anjala za ubwino wosala kudya.

Ndiyambe n'kuulula, mungandiyese mngelo. Nditamaliza digiri yanga ndinakhala zaka ziwiri ndikuzungulira ndi envulopu ya khaki, lero ku Capital Hill, mawa ku City Centre, mkuja ku Kanengo, osapeza kanthu. M'nyengo imeneyo ndinalemberapo anthu maasayimenti. Si mmodzi, si awiri. Ambiri anali akuluakulu apantchito ofuna pepala loti akwezedwe nalo. Ankatumiza funso pa WhatsApp, ine n'kulemba usiku, m'mawa ndalama n'kulowa pafoni. Lendi ndinkalipira ndi zomwezo. Mchemwali wangayu amadziwa zonsezi, poti nthawi zina ndi iyeyo ankakanditapira ndalamazo kwa ejenti. Ndiye nditakana anangondiyang'ana n'kunena kuti: “Anthu osawadziwa munkawalembera. Pa ine m'bale wanu ndi pamene mwaona tchimo?” Ndinasowa chonena.

Kuti mumvetse kutopa kwake, kumbukirani mmene chipata cha ku yunivesite chinamangidwira kuno kwathu. Pa mayeso a MSCE, a MANEB amapereka mapointsi kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Ukalephera Chingerezi, satifiketi palibe, kaya maphunziro enawo unawakhoza bwanji. Kuti ulowe ku yunivesite pamafunika makirediti asanu ndi imodzi, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pomwepo. Ukalowa, chaka choyamba umakumananso ndi phunziro la luso lowerenga ndi kulemba, nalonso m'Chingerezi. Chipatachi sichithera kusukulu. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 51, amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi.

Ine ndi mchemwali wanga tinayamwa bere limodzi, koma pachipatachi tinafika mosiyana. Tonse tinaphunzira pulayimale nthawi imene aphunzitsi ankaphunzitsa m'Chichewa mpaka Sitandade 4, n'kusinthira ku Chingerezi mu Sitandade 5, lamulo la maphunziro la 2013 lisanabwere lonena kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Ine ndinasankhidwira ku sekondale yogonera komweko, kumene kunali laibulale komanso chilango kwa aliyense wopezeka akuyankhula Chichewa. Iye anasankhidwira ku CDSS, kumene buku limodzi ankagwirizira ana gulu, ndipo akaweruka ankapita kukathandiza amayi kumsika. Pa MSCE ine ndinapeza 1 m'Chingerezi ndi 6 m'Masamu. Iye anapeza 2 m'Masamu ndi 7 m'Chingerezi. Ine ndinapita ku yunivesite ya boma. Iye anabwereza Fomu 4 kawiri pa sukulu ya openi kuti 7 uja asanduke 6. Zaka ziwiri za moyo wake zinathera pa pointi imodzi.

Nkhaniyi si ya ku Malawi kokha. Mlembi wa ku Kenya, Ngugi wa Thiong'o, m'buku lake la mu 1986 lotchedwa Decolonising the Mind, anafotokoza za mnzake wa m'kalasi amene anakhoza mwapamwamba maphunziro onse kupatula Chingerezi. Anamulepheretsa mayeso onse, ndipo anakathera pa ntchito yothandizira m'mabasi. Ngugi mwiniwake, amene maphunziro enawo anangodutsa koma Chingerezi anakhoza bwino, anapeza malo pa sukulu yotchuka ya Alliance. Nditawerenga zimenezi ku koleji ndinaombera m'manja ngati nkhani ya anthu akutali. Sindinaone kuti Ngugi wa m'nyumba mwathu ndi ine, ndipo mnzake uja ndi mtsikana amene ankandichapira yunifolomu ndikabwera ku holide.

Choncho maganizo a mchemwali wanga ndimawamva, ndipo si opepuka. Iye akuti mpikisanowu unali wokondera kuyambira pachiyambi. Wina anayambira kutsogolo, wina kumbuyo, kenako oyang'anira akuti tonse tiyesedwe ndi muyeso umodzi. Ngati muyesowo ndi wokhota, kuuzembera n'kulakwa? Akutinso ntchito imene akuphunzirayo ndi ya manambala, ndipo manambala amawadziwa. Izi n'zoona. Munthu akafika pashopu paja n'kutchula kutalika ndi kufupika kwa nyumba yake, iye amamuuza malata angati, misomali makilo angati ndi mtengo wake wonse, bwana wake asanapeze n'komwe pamene waika kakyuleta. Pamene ine, wa digiri, chaka chatha ndinatenga ngongole ya katapila osamvetsa kuti chiwongoladzanja cha pamwezi chikachulukana chifika pati, mpaka iyeyo anandiwerengera papepala la shuga. Umbuli wanga wa masamu sunanditsekerepo chitseko chilichonse. Chingerezi chake chofooka chamutsekera zitseko zitatu.

Komabe, nditaganiza mofatsa, sindikukhulupirira kuti amene anaika lamulo loti munthu wa digiri azitha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera anali amisala. Digiri ndi lonjezo limene koleji imapereka kwa anthu amene sadzakhala ndi mpata wokuyesa okha. Mayi amene wagona ku Bwaila safunsa namwino ngati amatha kuwerenga zolembedwa pa botolo la mankhwala. Amangokhulupirira. Mwini bizinesi akapatsa wowerengera ndalama kalata yochokera ku MRA, amakhulupirira kuti aimva ndipo ayankha zomveka. Malamulo a msonkho, mapangano a ku banki, malipoti a oona za kayendetsedwe ka ndalama, zonsezi lero zili m'Chingerezi, tifune tisafune. Ndikamulembera mchemwali wanga, koleji idzalonjeza anthu chinthu chimene palibe, ndipo wodzavutika si lekichala wake. Ndi kasitomala wina amene lero sakudziwa n'komwe kuti tikukambirana za iye. Wachiwiri wodzavutika ndi mwiniwakeyo, tsiku limene adzakhale yekha mu ofesi, kalata ili patebulo, achimwene kulibe.

Apa ndi pamene ndinapeza yankho la funso lake lija, ngakhale ndinalipeza mochedwa. Anthu aja ndinkawalembera chifukwa sindinkasamala za iwo. Chimene adzakhale mawa sichinkandikhudza, bola ndalama yalowa. Ena mwa iwo lero akusayina zikalata m'maofesi ndi mapepala amene mbali ina ndi thukuta langa, ndipo sindingathe kukawalanda. Kumeneko sikunali kuthandiza. Kunali kugulitsa.

Koma kukana kokha n'kosavuta, aliyense angathe. Usiku womwewo ndinamupempha chinthu chimodzi. Funso la asayimentiyo linali loti afotokoze zimene zimagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono. Ndinati: “Tseka laputopuyo. Tandiuza m'Chichewa, ngati ukuuza amayi.” Anayamba monyinyirika, kenako anatenthedwa. Anati choyamba ndi kusakaniza ndalama ya shopu ndi ya ndiwo. Chachiwiri ndi kukongoza achibale ndi anzako osalemba paliponse. Chachitatu anachifotokoza ndi chitsanzo cha mu Novembala 2023, pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: amene anapitiriza kugulitsa katundu wakale pa mtengo wakale ankaona ngati akupindula, koma atapita kukaoda anapeza kuti ndalama ya matumba khumi a simenti siikugulanso matumba khumi. Anamaliza n'kunena chimene mwini shopu ayenera kuchita pa chilichonse mwa zitatuzi. Anayankhula mphindi 20, ine ndikujambula mawu pafoni.

Nditamuseweretsa kuti adzimvere yekha, ndinamuuza kuti: “Ukumva? Poyambira pali apo, mfundo zitatu izo, umboni uwo, pomaliza apo. Asayimenti ndi imeneyi.” Anaseka koyamba usiku umenewo, n'kunena kuti, “Ah, achimwene, zimenezi ndi nkhani chabe.” Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse. Zaka zonsezi sukulu yamuphunzitsa kuti chimene waganiza m'Chichewa ndi nkhani chabe, nzeru ndi zokhazo zabwera m'Chingerezi. Ndiye akakhala pa pepala sayamba ndi zimene akudziwa. Amayamba kusakasaka mawu akuluakulu oti amveke ngati wophunzira, n'kusochera momwemo.

Ndikuona kuti vuto la muyeso wathu lili pamenepa. Timayesa zinthu ziwiri ndi sikelo imodzi: kutha kuganiza mwadongosolo, ndi kutha Chingerezi. Zonse n'zofunika, koma si chinthu chimodzi. Munthu akagwa, sitimufunsa kuti wagwera mbali iti, timangoti alibe mutu wa sukulu. Wina ngati ine, wodziwa kukometsa ziganizo, amadutsa ngakhale mfundo zili zochepa. Lamulolo lisachotsedwe, ayi. Koma amene amaika chipata ali ndi udindo wokonzanso njira yofikira pachipatapo, apo ayi akungoyesa kuti mwana anabadwira kuti ndipo anasankhidwira sukulu iti.

Tinagwira ntchito mausiku anayi. Iye ankamvetsera mawu ake aja, n'kulemba ndime imodzi m'Chingerezi. Ine ndinkangozunguliza ndi pensulo pamene sipakumveka n'kumufunsa kuti, “Apa umafuna kunena chiyani?” Sindinamulembere chiganizo ngakhale chimodzi, ngakhale dzanja linkayabwa. Usiku wachiwiri analira, n'kunena kuti ndine wouma mtima. Chimene chinatuluka si Chingerezi chokongola. Ndikanalemba ine chikanasalala kuposa pamenepo, ndipo mwina chikanapeza malikisi ochuluka. Anakapereka Lamulungu.

Zotsatira sizinatuluke, ndipo ndisakunamizeni kuti ndili ndi mtendere. Akhoza kulephera. Akalephera, mfundo zanga zonsezi sizidzabweza fizi ija, ndipo pa maliro ndi pa maukwati achibale azidzanong'onezana kuti mchimwene wake anali ndi digiri koma anamuumira mtima. Ndikudziwanso kuti m'kalasi mwakemo alipo ena amene analipira munthu wonga ine wakale, ndipo adutsa mosavutika. Alipo enanso amene alibe mchimwene woti akhale nawo mausiku anayi.

Dzulo amayi anandipeza ndikutsuka mbale kuseri. Anaima kanthawi, kenako anati: “Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Bwanji sunangomulembera mwanayu?” Ndinati: “Amayi, ndikanamulembera akanadutsa, koma akanapitiriza kukhulupirira kuti sangathe.” Sanandiyankhe. Anangotenga poto amene ndinali nditatsuka kale, n'kuyamba kumutsukanso.